Kuteretsa ndege yaing'ono: malangizo kwa anzanga amene mwangoyamba kuphunzira

Aliyense amene wayamba maphunziro oulutsa ndege amazindikira msanga kuti kunyamuka kulibe vuto kwenikweni, mukangopereka mphamvu zonse ku injini nkumawongola ndi mapazi ndege imadzuka yokha. Ntchito ili pobwerera pansi. Nde musanawerenge zina zonsezi gwirani kaye mfundo iyi: kutera kwabwino kumakonzedwa mudakali mmwamba mukuzungulira bwalo, matayala asanayandikire nkomwe pansi. Mukafika pa runway, msewu uja ndege imaterapo, ndi sipidi yolakwika kapena muli pamwamba kwambiri, manja anu olo atakhala aluso bwanji sangakonze zimenezo m'masekondi omaliza aja.

Manambala amene nditchule pano ndi a Cessna 172, kandege ka mipando 4 kamene masukulu ambiri amaphunzitsira, kaya mwapita ku South Africa kaya ku Wilson Airport ku Nairobi mukakapeza ndithu. Ngati yanu ndi Cessna 152 kapena Piper tsegulani buku la ndegeyo, lija amati POH, mutengemo manambala ake enieni, ndipo mawu a aphunzitsi anu amene akhala pambali panu mundegemo akhale pamwamba pa anga. Ndikulemba ndikuganizira za kwathu kuno kunyanja, kuchokera Salima kukafika Nkhotakota, poti mphepo ya kuno ndi kutentha kwake zili ndi khalidwe lakelake lomwe liyenera kukulowani m'mutu.

Yambani ndi mphepo komanso bwalo lenilenilo

Ndege imatera mphuno italoza komwe mphepo ikuchokera. Chifukwa chake nchakuti mapiko amangofuna mpweya wodutsa pa iwo, nde mphepo ikamakuwombani kumaso ndege imafika pansi ikuyenda pang'onopang'ono ndipo imaima msanga, pomwe ikakhala kumbuyo mumadya runway yambiri mosayembekezera. Manambala olembedwa kumapeto kwa runway amakuuzani komwe yaloza pa kampasi. Ku Kamuzu International Airport ku Lumbadzi kuli 14 ndi 32, kutanthauza kuti mbali imodzi yaloza pa madigiri 140, kummwera chakummawa, inayo pa 320. Miyezi yozizira ija mwera ukamawomba kuchokera kummwera chakummawa mukudziwa kale mbali yomwe mungasankhe, dzinja mpoto ukabwera zinthu zimatembenuka.

Pa bwalo lalikulu a ku tower amakuuzani zonse pa wailesi. Pa timabwalo ting'onoting'ono ta m'maboma nthawi zambiri mumadzionera nokha. Dutsani pamwamba pa bwalo muli pa mafiti 1,500 kapena kuposerapo kuchokera pansi, muyang'ane windsock, nsalu ija imapachikidwa pamtengo pambali pa runway. Kumchira kwake kumaloza komwe mphepo ikupita, ndipo ikatambasuka yonse nde kuti mphepo yafika ma knot 15 kapena yapitirira (knot ndi muyeso wa sipidi ya mphepo ndi ya ndege). Ngati nsaluyo yang'ambika musataye mtima, utsi wa moto wa tchire umakuuzani, fumbi la mumsewu limakuuzani, ngakhale mafunde panyanja.

Ulendo womwewo yang'ananinso runway yonse kuyambira uko mpaka uko. Pomwe palibe mpanda mbuzi zimalowa, ng'ombe zimalowa, ana amasewera mpira, wakabaza amadula njira pomwepo poti kwa iye ndi chidule cha kumsika. Dzinja udzu umatalika nkubisa maenje ndi chulu. Izi musazitenge mopepuka chonde, mukaona chinthu chokayikitsa tsikani mudutse chapansipansi pambali pa runway osatera, muonetsetse kaye. Ndipo lankhulani pa wailesi olo mukuganiza kuti muli nokha mlengalenga, nenani kuti ndinu ndani, muli pati, mukufuna kutera mbali iti.

Musaiwale kuika QNH, nambala ya kulemera kwa mpweya pa bwalopo, pa altimeter, chida chija chimaonetsa kuti mwakwera mafiti angati kuchokera pa nyanja yamchere. Salima ili pafupifupi mafiti 1,700 pamwamba pa nyanja yamchere, nde poti timazungulira bwalo pa mafiti 1,000 kuchokera pansi, altimeter yanu iziwerenga cha m'ma 2,700.

Downwind, pomwe ntchito yeniyeni imayambira

Kuzungulira bwalo kumakhala ndi mbali zake, ndipo pokhapokha atanena zina timakhotera kumanzere chifukwa woyendetsa amakhala mpando wakumanzere, amaona bwino. Downwind ndi pomwe mukuuluka molingana ndi runway koma mukupita kumbali komwe mphepo ikupita. Apa khalani pa ma knot 85 mpaka 90, musakwere musatsike, ndipo mtunda wanu ndi runway ukhale umodzimodzi tsiku lililonse. Mu 172 ophunzira ambiri amauzidwa kuti runway izioneka ikudutsa cha pakati pa chitsulo chija chimagwira phiko. Mukayandikira kwambiri mudzasowa malo okhotera, mukatalikira mudzafika pansi musanafike pa bwalo injini itati yazima.

Pa downwind pomwepa malizani macheki onse: mafuta ali pa BOTH kuti azichokera m'matanki onse awiri, mixture, chija chimasakaniza mafuta ndi mpweya, ili momwe buku likunenera, malamba amangidwa, nyali yoterera yayaka, mabuleki mwawaponda kumva ngati ali olimba kenako mwawasiya. Ngati ndege yanu ndi yakale ya kabureta kokani carb heat, chogwirira cholowetsa mpweya wotentha mu kabureta, musanachepetse mphamvu. Ena amadabwa kuti madzi oundana angabwere bwanji ku Salima kotentha chonchi, koma mkati mwa kabureta mpweya umazizira kwambiri, ndipo chinyezi cha kunyanja ndi chomwe chimaundana mmenemo injini ikamayenda motsika. Kokani basi.

Mukafika pomwe malo amene mukufuna kuterapo ali moyang'anizana ndi phiko lanu lakumanzere, chepetsani throttle, chogwirira chija chimapereka mphamvu ku injini, kufika cha m'ma 1,500 RPM. Musalole mphuno igwe nthawi yomweyo, igwireni kaye pomwe inali kuti sipidi itsike, kenako ikani ma flap, timapiko tija timatsika kumbuyo kwa mapiko, pa madigiri 10. Pa 172 zatsopano ma flap 10 amaloledwa sipidi ikakhala pansi pa 110, koma opitirira apo amafuna singano ya sipidi ikhale m'chigawo choyera chija, pansi pa 85. Mukafika cha m'ma 80 lolani ndege iyambe kutsika, mafiti 500 pa mphindi ndi bwino, ndipo pangani trim, kutembenuza kawilo kamene kamachotsa kulemera pa chiwongolero. Trim ndiibwerezabwereza chifukwa ophunzira amaiiwala nkumalimbana ndi chiwongolero ndi mphamvu za mkono mpaka thukuta. Nthawi iliyonse mwasintha mphamvu kapena ma flap, pangani trim mpaka ndege izigwira sipidi yokha mutangoigwira ndi zala.

Base, ndi pokhotera pomwe pamafunika ulemu

Chiyambi cha runway chikakhala kumbuyo kwa phewa lanu pa madigiri 45, khoterani ku base, mbali yopingasa yomwe imakufikitsani pa mzere wa runway. Ma flap 20, sipidi 70 mpaka 75, trim. Yang'anani runway mudzifunse ngati muli pamwamba kapena pansi, konzani pompano pomwe pali nthawi. Yang'ananinso kumanja ngati kulibe ndege ina ikubwera molunjika.

Pokhotera kuchoka pa base kulowa final, mbali yomaliza yolunjika runway, ndi malo amene atengapo miyoyo ya oyendetsa ndege ambiri padziko, nde tamverani bwino. Zimachitika chonchi: mphepo yakukankhani kumbuyo pa base, mwachedwa kukhota, mwapitirira mzere wa runway. Mtima umafuna kubwerera msanga, munthu amaopa kupendeketsa kwambiri nde amaponda rudder, chiwongolero cha kumapazi chija, kuti mphuno ikhote mwachangu kwinaku akukoka chiwongolero, sipidi ili yotsika kale. Phiko lamkati limasiya kunyamula, ndege imagudubuzika, ndipo pa mafiti 400 palibe malo oidzutsira. Lamulo lake ndi losavuta: musapendeke kupitirira madigiri 30 pozungulira bwalo, kampira ka pa dashibodi kamene kamaonetsa ngati ndege ikutererekera m'mbali kakhale pakati, ndipo mukapitirira mzere kwambiri musakakamize, perekani mphamvu mukazungulirenso.

Final

Mwalunjika runway tsopano. Ma flap 30, sipidi 65, trim. Buku la 172 limalola pakati pa 60 ndi 70 ma flap ali pansi, koma sankhani nambala imodzi muikakamire. Mphepo ikamabwera mwamphamvu nkumaleka, onjezerani theka la kusiyanako, mwachitsanzo ikuwomba 10 nkumafika 20 nde onjezerani 5 muziyenda pa 70.

Sankhani malo amodzi pa runway oti muziloza, kaya manambala kaya mzere woyamba, pa bwalo la dothi pezani chizindikiro chilichonse chooneka. Malowo aziima pamodzimodzi pa galasi lakutsogolo, azingokula basi. Akamatsikira pansi pa galasi nde kuti muwapitirira, muli pamwamba. Akamakwera mmwamba nde kuti simufika. Pomwe pali magetsi a PAPI, nyali zinayi za pambali pa runway zoonetsa ngati mukutsika bwino, awiri oyera awiri ofiira ndiye njira yabwino ya madigiri 3, onse ofiira muli pansi koopsa.

Kukonza kwake kumasokoneza ambiri poyamba chifukwa kumatsutsana ndi zomwe thupi likufuna. Sipidi imagwiridwa ndi mphuno, kutsika kumagwiridwa ndi throttle. Mukaona kuti muli pansi musakoke chiwongolero kuti mukwere, mungodya sipidi yanu nkumira kwambiri, onjezerani mphamvu. Mukakhala pamwamba chepetsani mphamvu, musaloze mphuno pansi nkuthamangitsa ndege. Dzanja lamanja lisachoke pa throttle kuyambira pano mpaka mwaima. Maso aziyenda chonchi: malo oloza, mzere wapakati, sipidi, malo oloza, mzere wapakati, sipidi. Zosintha zikhale zing'onozing'ono komanso zachangu.

Pofika mafiti 300 kuchokera pansi dzifunseni moona mtima: sipidi ili bwino? ndili pa mzere? ndikutsika mwadongosolo? runway ndi yoyera? Yankho limodzi lokha likakhala ayi, kazungulireninso.

Flare

Flare ndi kudzutsa mphuno ndege ikatsala pang'ono kukhudza pansi. Apa nde pomwe ophunzira amakhalitsa, ndipo musadandaule mukaona kuti sizikubwera msanga, maso amafuna nthawi kuti azolowere.

Mukatsimikiza kuti runway mwaipeza, mwadutsa chiyambi chake, bwezani throttle yonse pang'onopang'ono. Pa mafiti 10 mpaka 20 kuchokera pansi yambani kukoka chiwongolero mofatsa kuti ndege isiye kutsika iyambe kuuluka molingana ndi nthaka. Nthawi yomweyo chotsani maso pa malo mumaloza aja, aponyeni kutsogolo chakumapeto kwa runway. Ichi nchachikulu kwambiri. Mukayang'ana pafupi ndi mphuno nthaka imathamanga mosaoneka bwino nde mumakoka mochedwa kapena mopitirira, koma mukayang'ana kutali m'mbali mwa maso anu mumaona mmene runway ikufutukukira ndipo mumamva ngati ndege ikumira kapena ikukwera.

Tsopano muli kamtunda kochepa pamwamba pa runway, injini ili chete, ndipo ntchito yanu ndi kuikaniza ndege kutera. Inde, kuikaniza. Ikafuna kumira kokani pang'ono, imani, ikafunanso kumira kokaninso pang'ono. Sipidi ikamatha chiwongolero chimafewa nde kukoka kumanka kukukula, mphuno ikukwera mpaka kufika ngati mmene imaonekera ponyamuka, kabelu ka stall, kochenjeza kuti mapiko atsala pang'ono kusiya kunyamula, kayamba kulira, ndipo matayala awiri akumbuyo amakhudza pansi okha. Kabelu kaja kakalira muli mafiti ochepa pamwamba pa runway musachite mantha, nde kuti mwachita bwino. Tayala lakutsogolo la 172 silinapangidwe kuti lilandire kulemera kwa ndege, lamangiriridwa ku chitsulo chopyapyala kuseri kwa injini, nde likayamba ndilo kugunda pansi mutha kupinda zinthu zodula kapena propela kumenya nthaka.

Mudzaona kuti pafupi ndi nthaka ndege imakhala ngati ikuyandama osafuna kutsika. Ndi ground effect imeneyo, imayamba mukatsika kufika pa mtunda wofanana ndi kutalika kwa mapiko, omwe pa 172 ndi mamita 11, ndipo imakula mukamayandikira pansi. Ndi chifukwa chake ma knot 10 owonjezera pa final amakupititsani kutali kwambiri mukuyandama, runway ikutha. Musaikankhire pansi kuti itere msanga, dikirani, ndipo ngati gawo loyamba mwa magawo atatu a runway latha musanakhudze pansi, nyamukani.

Zinthu zitatu zimachitikira pafupifupi wophunzira aliyense. Mukakoka mwamphamvu ndege nkukweranso, musakankhe chiwongolero, chigwireni pomwepo, ikayamba kumira pitirizani flare mwina ndi kamphamvu pang'ono, koma ikakwera kwambiri kazungulireni. Mukagunda pansi nkudumpha pang'ono, gwirani mphuno mmwamba momwe inalili muterenso. Koma choopsa ndi chija ndege imagunda ndi tayala lakutsogolo, nkudumpha, nkugwanso ndi mphuno, kudumpha kulikonse kukuposa koyamba. Manja a munthu amachedwa nthawi zonse pamenepo ndipo mukamayesa kukonza mumangowonjezera. Kudumpha kwachiwiri kusakupezeni mukuganizabe, throttle yonse.

Matayala akakhudza pansi ntchito sinathe. Pitirizani kugwira chiwongolero kumbuyo, tayala lakutsogolo litsike lokha, wongolani ndi mapazi kuti mukhale pa mzere wapakati, zidendene zili pansi kuti musaponde mabuleki mwangozi. Mabuleki abwere mofatsa sipidi itatsika. Pa bwalo la dothi kapena la timiyala chiwongolero chikhalebe kumbuyo mpaka koimika, chimateteza propela ku miyala komanso tayala lakutsogolo kuti lisatitimire pofewa. Zokweza ma flap ndi kuzimitsa nyali muchite mutatuluka mu runway.

Mphepo ya m'mbali

Kuno kunyanja simungaithawe. Masana kumtunda kukatentha mphepo imachokera kunyanja kulowa kumtunda, ndipo siifunsa kuti runway yaloza kuti. Pa final lozani mphuno pang'ono komwe mphepo ikuchokera kuti ndege iziyenda pa mzere, ngati mmene msodzi wa ku Senga Bay amalozetsera bwato lake chakumwera pomwe akufuna kukakocheza padoko lomwe lili patsogolo pake. Koma simungatere chammbali chonchi, matayala angakhule ndipo ndege ingapatuke. Nde mukayandikira flare pondani rudder kuti mphuno ilunjike runway, ndipo tsitsani phiko la mbali yomwe mphepo ikuchokera kuti isakukankheni. Mapazi amawongola mphuno, manja amaletsa kutengedwa. Tayala la kumphepo ndi lomwe liyambe kukhudza pansi, linalo litsatire, kenako lakutsogolo, ndipo mukamachepetsa sipidi pansi pitirizani kupotolozera chiwongolero kumphepo mpaka chonse. Ambiri amamasuka atangotera nkusiya chiwongolero pakati, mphepo nkunyamula phiko.

Buku la 172 limatchula ma knot 15 ngati mphepo ya m'mbali yomwe inayesedwa, la 152 limatchula 12, koma amenewo ndi a oyendetsa ozolowera. Malire anu ngati wophunzira akhale omwe aphunzitsi anu akulemberani, ndipo amakhala otsika kuposa apo.

Go-around

Go-around ndi kusiya kutera nkukazunguliranso kuja. Ndaitchula kambirimbiri, nde nayi mmene imachitikira. Throttle yonse mosazengereza, carb heat ibwerere mkati, pondani rudder yakumanja chifukwa injini ikalira mwamphamvu ndege imakokera kumanzere. Konzekani kukankha chiwongolero, poti trim ija munaipanga ya kutera idzafuna kudzutsa mphuno mopitirira. Ma flap abwere pa 20 nthawi yomweyo, kwerani pa ma knot 55 mpaka 60 malinga ndi mtundu wa 172 yanu, kenako muzichotsa ma flap otsalawo pang'onopang'ono mukapeza sipidi ndi mtunda. Musawachotse onse kamodzi muli pafupi ndi nthaka, ndege imamira. Wailesi ibwere pomaliza ndege itakhazikika.

Palibe mphunzitsi wabwino amene angakunyozeni chifukwa chozunguliranso, ndipo asanakuloleni kuuluka nokha koyamba chimodzi chomwe amafuna kuona ndi chakuti mumatha kusankha go-around panokha iwo asanatsegule pakamwa. Pa final iliyonse muzinena mumtima kuti ndikupita kukazungulira, pokhapokha zonse zikhale bwino nde nditera.

Kutentha kwa October ndi November

Salima ili pansi poyerekeza ndi Lilongwe komwe bwalo lili pa mafiti oposa 4,000, nde munthu atha kuganiza kuti kuno ndege ili ndi mphamvu zonse. Tiyeni tiwerengere. Pa mafiti 1,700 kutentha komwe mabuku amayembekezera ndi madigiri pafupifupi 12, ndipo digiri iliyonse yopitirira apo imawonjezera mafiti pafupifupi 120 pa mmene ndege ikumvera mpweya. Tsiku lofika 36 nde mwapitirira ndi 24, kuchulukitsa ndi 120 ndi mafiti pafupifupi 2,900, kutanthauza kuti ndege yanu ikuona ngati ili pa 4,600. Sipidi ya pa singano musaisinthe, ikhale 65 yomweyo, koma dziwani kuti pansi mukuthamanga kwambiri, mudya runway yochulukirapo, ndipo go-around ikwera mwaulesi nde chisankho chake chibwere msanga. Masana a miyezi imeneyi mpweya wotentha umakwera kuchokera m'minda youma nkumakunyamulani ndi kukugwetsani pa final, utsi wa tchire umaphimba kutali, ndipo mukaona kamvuluvulu akuvina pafupi ndi runway mudikireni adutse muli mmwamba. Mbalame nazo zimakonda mpweya wokwerawu, makamaka a mphamba ndi akhwangwala, ndipo kufupi ndi madzi kuli nkhwazi ndi akakowa.

Kuuluka ndi kodula, ola lililonse ndi ndalama zambiri, nde zomwe mungaphunzire pansi phunzirirani pansi. Khalani pampando kunyumba, tsekani maso, zungulirani bwalo lonse m'mutu mukutchula mokweza sipidi, ma flap, trim, dzanja likuyenda ngati lili pa throttle. Mukakhala pa bwalo pemphani aphunzitsi akuloleni kukhala mu ndege yoima, wina atsitse mchira pang'ono kuti muone mmene mphuno imaonekera nthawi yotera, chithunzicho chikhale m'maso. Maphunziro oyamba a kutera muziwapempha m'mawa kwambiri mpweya udakali bata, kuti muone zomwe manja anu akuchita popanda mphepo kusokoneza. Flare ikayamba kubwera bwino m'mawa, pemphani dala maola a masana mwera ukuwomba, aphunzitsi ali pambali, muyambe ndi mphepo ya m'mbali ya ma knot 5 kenako muzikwera pang'onopang'ono.